Mitsempha yotupayo musaitemere mphini

Achemwali, zoti mutemere mphini pa mitsempha yotupa m'miyendo mwanuzo musayerekeze. Mitsempha yotupa m'miyendoyo imakhala yodzaza magazi, akaitema magazi sasiya msanga, chilonda chakenso chimavuta kupola. Amayi anga anavutika nacho chaka chathunthu.

Chinawathandiza ndi masokosi othina ogula kufamase, ovala m'mawa asanadzuke, komanso kusanjika miyendo pa pilo madzulo. Ngati muli ndi shuga, funsani kaye adokotala musanawavale. Poti mumaima tsiku lonse mumsika wa Kasungu, muziyendayendako. Mukamayenda, akatumba a m'miyendo ndi amene amakankha magazi kubwerera kumtima. Mitsemphayo ikafika poipa, madokotala amaichotsa ndi opaleshoni.

Koma mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, ukutentha ndi kupweteka, kapena mukayamba kubanika, thamangirani kuchipatala cha boma tsiku lomwelo. Mwina magazi aundana, ndipo pamafunika mankhwala oletsa magazi kuundana monga heparin kapena warfarin.