Thebulo ndi sinki zoumbira limodzi: nkhani yagona pa chikombole

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena, kalipentala wa ku Zomba. Akuti kasitomala wawo akufuna thebulo la konkire pamwamba pa makabati a kukhitchini, sinki ikhale youmbira kumodzi, popanda polumikiza. Funso lawo ndi lakuti: "Chikombole chake ndichipange bwanji, nanga chituluka bwanji musinkimo osaswa konkire?"

Achimwene, poti ndinu kalipentala, ntchitoyi ili m'manja mwanu kale. Konkire imangotengera zomwe yapeza. Mukasiya kam'ng'alu kapena tsitsi limodzi pa bolodi, mudzaliona pa thebulo mpaka kalekale.

Konkire yake ndi ija amati GFRC, yosakaniza ndi ulusi wa galasi m'malo mwa zitsulo. Imakwana kuchindikala mamilimita 20 okha, ndiye sikweya mita imodzi imalemera makilogalamu pafupifupi 40. Koma chenjerani pogula ulusi. Uja wa mabwato ndi wokonzera magalimoto simenti imaudya pang'onopang'ono. Wofunika ndi wolembedwa AR, kutanthauza wosadyeka ndi simenti, wokhala ndi mankhwala outeteza otchedwa zirconia osachepera 16 peresenti, umene unayambira ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Choyamba jambulani patani pamalo penipenipo. Dulani timizere ta plywood yopyapyala, mutigoneke motsata khoma ndi m'mphepete mwa makabati, mutimate ndi guluu. Makoma athuwa sawongoka, tepi yokha idzakunamizani. Lembanipo kutsogolo, kumbuyo, pa sinki ndi pa mpopi. Ndiyeno mukafika kushopu, pataniyo muitembenuze chafufumimba, chifukwa thebuloli timaliumba mozondotsa: pansi pa chikombole ndiye pamwamba pa thebulo. Ine ndinaiwalapo kamodzi. Tinanyamula anthu anayi, kufika pamalopo sinki ili kumanzere, mapaipi ali kumanja. Mwininyumba anangoti "Hmm", n'kutuluka panja.

Bolodi yabwino ndi ya melamine, ija yoyera yoterera ya makabati. Masikuluwu alowere chakunja. Pakani phula (wax) loletsa konkire kumatirira, kenako silikoni m'makona monse, mudutsepo ndi kampira ka bering'i kapena kumapeto kwa ndodo yobulungira, ikauma musende zotsala m'mbali. Mzere wa silikoniwo ndiwo udzakhale m'mphepete mwa thebulo, ndiye musauchite mothamanga.

Tsopano pa sinki, pamene anthu ambiri amalirira. Chimene mukuumba si sinkiyo ayi, koma malo a madzi, ngati mwavundikira beseni pa bolodi. Mutha kusema foam yolimba, kapena kukhoma timatabwa n'kukoka nsalu yotanuka pamwamba pake. Mukatero mumakutira ndi resin, mankhwala amadzimadzi ouma ngati pulasitiki, kuti chilimbe. Ngati foam yanu ndi polystyrene, ija yoyera yobwera m'makatoni a mafiriji, musaipake polyester resin, idzasungunuka muli kuona. Pamenepo pafunika resin ya mtundu wa epoxy. Kenako matani ndi body filler wa okhoma magalimoto, mukwecheni ndi sandipepa, mumatenso, mukwechenso, mpaka mukadutsa chala mutatsinzina musamve kanthu. Ine apa ndimathapo masiku awiri, ndipo sindidandaula nawo.

Kuti chidzatuluke, mbali zake zisaime chilili. Chikhale chotambalala pa bolodi, chizicheperachepera pokwera, ngakhale ndi madigiri 5 okha. Onani chidebe: zidebe khumi zimalowana n'kusololoka mosavuta chifukwa cha kupendekeka komweko. Pakangokhala malo amodzi otupa kuposa kukamwa, chikombolecho mudzachichotsa ndi tchizulo. Makona akhale obulungira, pakuti akuthwa amagwira, komanso mayi wotsuka mbale sadzakuyamikani nawo.

Chinanso, poti zonse zazondoka, potulukira madzi ndi pamene payenera kukhala pamwamba kwambiri. Ikani levulo muone kuti mbali zonse zikutsetsereka kuchokera pamenepo, apo ayi madzi azidzadikha pakona n'kusiya ndere. Gulani chitsulo cha potulukira madzi ndi mpopi musanayambe, muyeze zenizenizo. Zitsulo zambiri za potulukira madzi kukhitchini, zija amati mabasiketi, zimafuna bowo la mamilimita 90, mipopi yambiri 35. Bowolo mulisungire malo ndi paipi ya PVC kapena foam, ndipo musiye kadzenje koti mlomo wa chitsulocho ubisalemo.

Chikombole cha sinki muchimange ndi masikuluwu ochokera kunsi kwa bolodi, mkati mwake muikemo thabwa lodzagwira pokoka. Silikoni pozungulira, phula kawiri kapena katatu.

Pothira, choyamba mumawaza konkire yopanda ulusi, mamilimita atatu. Dikirani mpaka mukaidina isamamatire chala koma ikadali yofewa. Kenako ya ulusi, kumata ndi manja mutavala magolovesi, kuyambira m'munsi mwa chikombole cha sinki, pa bolodi, kukwera, pang'onopang'ono kuti isatsetsereke. Kukatentha ngati mu Okutobala sakanizani ndi madzi ozizira kwambiri, mugwire m'mamawa. Fundirani pulasitiki, mawa lake mumasule. Mutembenuze modzera m'mbali, muli anthu okwanira, ndipo chikombole cha sinki chikakana musachipanire ndi chitsulo: uzirani mpweya wa kompuresa pa bowo la madzi, mudzamva chokha chikuti phu.