Abwana akuti za nyengo ndi za ma NGO, ndiye tiyambire pati?

Funso loyamba lachokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ya akaunti pa kampani yaing'ono yosindikiza mabuku ndi makalendala ku Limbe. Alemba kuti: "Alangizi, ine ndimakhala ku Chilobwe ndipo za namondwe Freddy ndinaziona ndi maso angawa. Kuntchito tilipo 14, magetsi akathima jenereta imalira tsiku lonse, ma aircon amasiyidwa oyaka mpaka Lolemba, mapepala otayidwa ndi mulu. Ndinayesa kunena pa miting'i kuti nafenso tichitepo kanthu pa za kusintha kwa nyengo, abwana anangoseka amvekere zimenezo ndi za ma NGO, ife pano tikusaka ndalama. Ine ndi wantchito wamba, nditani?"

Achemwali, pepani ndi zomwe munaona, namondwe uja wa mu Malichi 2023 anatenga miyoyo yopitirira 1,000 m'dziko muno ndipo kwanuko ndiye kunali zosaona ndi maso. Koma ndikuuzeni mosabisa, abwana anuwo sikuti ndi munthu woipa mtima, anangoyankha mmene amayankhira aliyense amene mutu wake uli pa malipiro a anthu 14, lendi, MRA ndi ngongole ya kubanki. Mukawauza kuti dziko likutentha amamva ngati mukupempha ndalama za ma T-shirt ndi zakumwa. Ndiye nkhani ya nyengoyo isungeni mumtima, kwa abwana mupite ndi bilu. Mwayi wanu ndi woti ndinu a akaunti, malisiti onse amadutsa m'manja mwanu, mphamvu imene mukuti mulibeyo ili mu fayilo yomwe mumatsegula tsiku lililonse.

Komanso nyengoyo inalowa kale m'mabuku anu, kungoti inalembedwa dzina lina. Kumbukirani Januwale 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira pa Shire, kampani yopanga magetsi ya EGENCO inataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo panadutsa nthawi yoposa chaka kuti abwerere. Tsegulani mabuku a 2022 muone kuti dizilo munagula wochuluka bwanji poyerekeza ndi 2021. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi womwewu, Nkula, Tedzani, Kapichira, ndiye madzi akachepa kapena akasefukira ndi zinyalala bizinesi iliyonse yodalira makina imamva kuwawa. Chaka cha 2024 ng'amba ya El Niño itagunda boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chimanga chinakwera, ndipo ndikhulupirira antchito opempha advance anachuluka pa desiki panu pomwepo. Zimenezi abwana akuzidziwa kale, sipafunika ulaliki.

Choyamba kuchita sichifuna chilolezo cha munthu. Lachisanu poweruka pitani pa mita ya ESCOM, lembani mayunitsi otsala, mujambulenso ndi foni. Lolemba m'mawa munthu asanayatse chilichonse pitaninso mukalembe. Kusiyana kwakeko ndi magetsi amene kampani yagula popanda wogwira ntchito, kupatula firiji ndi mababu a alonda. Kuchoka 5 koloko Lachisanu kufika 8 koloko Lolemba ndi maola 63, aircon imodzi ya muofesi ikamagwira mwamphamvu imadya pafupifupi yuniti imodzi pa ola, ndiye zikasiyidwa ziwiri werengani nokha. Chitani zimenezi masabata atatu kapena anayi kuti wina asadzanene kuti zinangochitika kamodzi. Kenako tengani malisiti a miyezi 6 a dizilo, mayunitsi ndi mapepala, muike pa tsamba limodzi, limodzi basi, abwana sawerenga lipoti la masamba 10.

Pa tsambalo muyambe ndi zinthu zosafuna ndalama. Kuzimitsa pa soketi poweruka, munthu mmodzi wodziwika amene amatseka ndi kusaina, osati "aliyense azizimitsa" chifukwa ntchito ya aliyense sagwira ndi mmodzi yemwe. Aircon kuika pa 24 m'malo mwa 16, chitseko chotseka, ena amaika 16 kenako nkuvala juzi, zimandidabwitsa. Ketulo kuwiritsa kamodzi madzi nkuthira mu fulasiki m'malo moti aliyense aziwiritsa ketulo yodzadza chifukwa cha kapu imodzi ya tiyi. Zikumveka zazing'ono koma ketulo imakoka mawati 2,000 ndipo pa jenereta imamveka.

Kenako zofuna ndalama pang'ono. Tiyerekeze muli ndi machubu 30 akale aja aataliatali a mawati 36, mukaika a LED a mawati 18 mwapulumutsa mawati 540, pa maola 10 ndi mayunitsi 5.4 patsiku, pa masiku 26 ndi mayunitsi pafupifupi 140 pamwezi. Chulukitsani ndi mtengo wa yuniti umene uli pa lisiti lanu, kenako tengani mtengo wa machubu onse mugawe ndi ndalama yopulumukayo, yankho lake ndi miyezi imene ndalama ibwerere. Nambala imeneyi ndi imene abwana amafuna kuona. Ndipo simukuyenera kusintha onse tsiku limodzi, chubu chikapsa cholowa m'malo chikhale LED.

Pa jenereta ndi pamene pali nyama yeniyeni. Makampani ambiri amayatsa jenereta yaikulu yoyenera makina osindikizira pamene chikugwira ntchito ndi makompyuta atatu, rauta ndi kutchaja mafoni. Jenereta ya dizilo ikamayenda yopanda katundu wokwanira imamwabe mafuta ndipo injini yake imaonongeka msanga. Njira yake ndi inveta ndi batire ya zinthu zopepuka, makompyuta, mababu, intaneti, jenereta iziyatsidwa pokhapokha makina aakulu ali ndi ntchito, ndipo ntchito zosindikiza zolemera zizisanjidwa molingana ndi ndandanda ya kuthima kwa magetsi ikatuluka. Pakhale kabuku pambali pa jenereta, ola loyatsa, ola lozimitsa, malita othira, dzina la wothira. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa mpweya wa carbon dioxide wolemera pafupifupi makilogalamu 2.7, ndiye malita 100 opulumuka pamwezi ndi makilogalamu 270 amene sanapite mumlengalenga. Nambala iyi ndi yanu, ikani pansi penipeni pa tsamba, ya makwacha ikhale pamwamba.

Apa ndikuchenjezeni, kabuku ka dizilo kamaulula zinthu. Malo ambiri dizilo samangothera mu jenereta, wina amapita m'zigubu, ndipo amene amadyerapo sadzakukondani. Musaloze munthu chala, musanene mawu oti kuba, nenani kuti tikufuna kudziwa jenereta imamwa malita angati pa ola kuti tizipanga bajeti, basi. Ndipo musayende nokha. Alonda, amayi okonza muofesi, dalaivala ndi anyamata a pamakina ndi amene amadziwa chomwe chimasiyidwa choyaka usiku, afunseni maganizo asanaone chikalata pakhoma. Pemphani abwana kuti gawo la ndalama zopulumuka, kaya kotala, libwerere kwa antchito, kaya shuga ndi mkaka wa tiyi kaya kabonasi ka Disembala. Munthu amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pa 20 simungamuuze kuti azizimitsa magetsi kuti abwana agule galimoto ina, afunika aonepo pake.

Sola ndaisiya kumapeto dala. Ndi yabwino, dzuwa tili nalo ndipo dziko lomwe likupita komweko, ku Salima kuli sola ya mamegawati 60 imene inatsegulidwa mu 2021, ku Golomoti ya 20 yokhala ndi mabatire. Koma zipangizo zake zimachokera kunja, kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo inadumpha, ndiye mukayamba ndi kotesheni ya mamiliyoni abwana atseka makutu ndipo za machubu zomwe sadzamvanso. Yambani ndi kuchepetsa magetsi amene mukugwiritsa ntchito, sola yofunika idzakhala yaing'ono komanso yotchipa. Nthawi ikafika tengani makotesheni atatu kwa anthu amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, funsani waranti ya batire polemba, ndipo dziwani kuti batire ya lithium ndi yodula pogula koma imakhalitsa kuposa zija za asidi zimene zimafooka msanga zikamatsitsidwa kwambiri tsiku ndi tsiku. Za mapepala, zodulidwa m'mbali zija mangani tinotibuku mugulitse kapena muzipereka kwa makasitomala, zotsala fufuzani ogula, alipo amene amapangira mabriketi ndi matileyi a mazira.

Funso lachiwiri ndi la bambo amene amaphika pa lesitilanti ina ku Lilongwe: "Timagwiritsa matumba a makala ambiri pa sabata, utsi umandipweteka pachifuwa ndipo mtengo ukungokwera. Eni ake akuti gasi ndi wodula komanso amaphulika. Ndiwanyengerere bwanji?"

Achimwene, musatsutsane nawo pakamwa, pemphani sabata imodzi yoyesa. Sabata ino lembani matumba a makala ndi mtengo wake, kuphatikiza wonyamula, ndipo musaiwale kuti pansi pa thumba pamakhala fumbi ndi tizidutswa tomwe mwalipira koma simuphikira. Sabata yamawa bwerekani kapena gulani silinda imodzi, muphikire zinthu zofulumira zokha, tiyi, mazira, ndiwo zamasamba, kutenthetsa, ndipo muyeze silinda pa sikelo musanayambe ndi pomaliza kuti mudziwe makilogalamu enieni. Ubwino wa gasi suli pa mtengo wa kilogalamu, uli poti mukazimitsa wazima, pamene mbaula imayakabe kuyambira m'mawa mpaka madzulo kudikira kasitomala amene mwina sabwera. Mwina mupeza kuti gasi wapambana pa zofulumira koma mphika waukulu wa nsima ukufunabe moto wina, palibe vuto, kuchepetsa makala ndi theka ndi phindu kale.

Nyemba ndi zimene zimatha makala m'malesitilanti ambiri. Zivikeni usiku, gulani pressure cooker yaikulu, nthawi yophika imatsika kwambiri, ndipo mapoto azikhala ovindikira. Mantha a kuphulika musawaseke, ndi enieni, yankho lake ndi regulator (kachipangizo ka pakamwa pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi) ndi paipi zabwino, silinda kukhala poima pamalo popita mphepo, kuyesa molumikizira ndi thovu la sopo, ndi chozimitsira moto pakhoma. Gasi nayenso ndi mafuta ochokera pansi ndipo amabwera ndi forex, nthawi zina amasowa, ndiye musataye mbaula. Koma kwa ife kuno chomwe chikutha ndi nkhalango, onani mmene Dzalanyama ikuvutikira pomwe ndi kumene kumachokera madzi a mtsinje wa Lilongwe. Eni akewo akumbutseninso kuti lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, makala opanda chilolezo amalandidwa ndipo munthu akhoza kulipitsidwa, bizinesi yodalira katundu woteroyo imagona ndi diso limodzi. Chimodzimodzi majumbo opyapyala a takeaway, osafika ma micron 60 analetsedwa kuyambira 2015 ngakhale nkhani yake inakhala zaka zambiri ikuzungulira m'makhothi, ndiye kasitomala wobwera ndi kontena yake mchotsereni kenakake, muona ena akutengera. Za chifuwazo pitani kuchipatala, musadikire kuti gasi abwere kaye.

Lachitatu ndi lalifupi, wina wa ku Mzuzu akuti kuntchito kwawo chaka chilichonse amakadzala mitengo, ma T-shirt, zithunzi pa Facebook, koma akabwerera amapeza mbuzi zinamaliza. Akufunsa ngati kuli bwino kungonena kuti asiye.

Ayi musanene kuti asiye, adzakuonani ngati wotsutsa ndipo bajetiyo ingopita kwina. Pemphani kuti mulowe mu komiti yake, mukatero funsani bajeti igawidwe mwina. Mbande zichepe, 200 m'malo mwa 2,000, ndalama ya ma T-shirt ipite kwa munthu wa pamalopo wopalira, kutchingira ndi kulambula mphepete moto wolusa usanayambe. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo koma musadikire Malichi chifukwa abwana aakulu anali otanganidwa, mbande imafunika mvula yokwanira mizu isanakumane ndi chilimwe. Gwirizanani ndi sukulu kapena amfumu kuti mitengoyo ndi ya ndani ikakula, ndipo sakanizanimo yazipatso, mango, mapeyala, magwafa, chifukwa mtengo umene munthu akuyembekezera kudyapo amauthamangitsira mbuzi. Wosamalirayo mulipireni magawo awiri, lina podzala, lina mu Okutobala mukapita kukawerenga yamoyo, ndipo nambala ya Okutobalayo ndi imene ilowe mu lipoti la kampani.