Njinga yamoto inakugwetsani ndipo tsopano mukuopa? Yambirani pa kilachi

Mayi wina wandilembera imelo, ndipo ndiifupikitsa motere. Akufuna kuphunzira njinga yamoto kuti aziyendera popita kuntchito. Mlamu wawo anawakweza, n'kuwauza kuti "tayani kilachi, patsani moto". Njinga inalumpha, iwo n'kugwa, bondo n'kusupuka. Chichokereni tsikulo, injini ikangolira, mtima umagunda ndipo manja amachita thukuta. Aliyense akungowauza kuti alimbe mtima. Akufunsa kuti: munthu wamantha chonchi angaphunzire, kapena angozisiya?

Mayi, mungaphunzire ndithu. Koma ine sindikuuzani kuti mulimbe mtima, chifukwa mawu amenewo sauza dzanja chochita. Mantha anuwo ali ndi chifukwa chomveka. Munakwezedwa pa chinthu champhamvu musanasonyezedwe podulira mphamvuyo.

Tiyeni tione zimene zinachitika tsiku lija. Kilachi ikatayidwa kamodzin'kamodzi, njinga imatsogola, thupi n'kutsalira m'mbuyo. Poopa kugwa chagada, munthu amakakamira chiwongolero. Tsoka lake, chogwirira chakumanja ndi chomwe chimapatsa moto, ndipo chimawonjezera moto chikapotokoledwa cha kwa inu. Ndiye pamene mukukakamira kuti mudzipulumutse, m'pamene mukuiwonjezera ukali. Zimenezi zagwetsa anthu ambirimbiri, olimba mtima omwe.

Mankhwala ake ali m'dzanja lamanzere. Mukafinya kilachi mpaka kumapeto, injini imalekana ndi tayala lakumbuyo. Ilire motani, ikuwe motani, njinga siikokanso. Ndimalakalaka aliyense wophunzitsa mnzake akanamayambira pa mfundo imeneyi, chifukwa wophunzira akaidziwa m'zala zake, njinga imasiya kuoneka ngati chilombo.

Choncho poyambiranso, musalize injini. Pezani bwalo losalala, lopanda magalimoto, lopanda mchenga komanso lopanda anthu oonerera. Khalani pa njinga, mapazi onse pansi. Ipendekereni pang'ono kumanja ndi kumanzere kuti mumve kulemera kwake. Tsikani, ikankheni, muigwire buleki, mukankhenso. Dziwani malo a chilichonse osayang'ana: dzanja lamanzere kilachi, lamanja moto ndi buleki yakutsogolo, phazi lamanzere magiya, lamanja buleki yakumbuyo. Pa njinga zambiri giya yoyamba mumaponda pansi, zinazo mumakweza ndi nsonga ya phazi, ndipo nyutulo, pomwe palibe giya yogwira, ili pakati pa yoyamba ndi yachiwiri. Njinga zina zazing'ono magiya ake amayenda mosiyana, ndiye funsani za yanuyo. Pezaninso batani lofiira lozimitsira injini lomwe njinga zambiri zili nalo pafupi ndi chala chachikulu chakumanja.

Kenako lizani injini ili pa nyutulo. Finyani kilachi, pondani giya yoyamba, ndipo moto musaukhudze n'komwe. Yambani kumasula zala pang'onopang'ono. Poyamba simumva kanthu. Kenako pafika pena pomwe kulira kwa injini kutsike pang'ono, njinga n'kuyamba kukukokani ngati ikufuna kunyamuka. Imani pomwepo, finyaninso. Njinga ikhala chete. Masulaninso mpaka ikoke, finyaninso. Kachigawo kameneko, komwe kilachi yagwira koma sinagwiriretu, n'kakang'ono kwambiri, ndipo luso lonse lonyamuka ndi loyenda pang'onopang'ono lagona pamenepo. Bwerezani mpaka zikutopetseni. Zikatero ilekeni ikuyendetseni mapazi akuponda pansi ngati mukuyenda wapansi, ndipo liwiro likakwana kuti njinga yadziimira yokha, kwezani mapazi. Mkono wakumanja ukhale wotsika pang'ono pogwira, kuti ngakhale thupi litakankhidwira m'mbuyo, dzanja lisapotokole moto.

Injini izima kambirimbiri. Zimenezo zisakuchititseni manyazi kapena mantha. Pondani pansi, finyani kilachi, lizaninso.

Pa nkhani ya njinga yophunzirira sindichulukitsa. Ya injini yaing'ono, ya 125cc kapena 150cc, ndi yokwanira. Zambiri za 125cc zimalemera makilogalamu pakati pa 110 ndi 130, ndipo chofunika n'chakuti mapazi anu azifika pansi bwinobwino. Yaikulu yobwereka kwa wachibale ikanizeni.

Za mlamu wanu, sindikuwanyoza, anachita zimene iwonso anachitiridwa. Koma kudziwa kuyendetsa ndi kudziwa kuphunzitsa n'zosiyana. Harry Hurt wa pa University of Southern California anafufuza mozama ngozi 900 za njinga zamoto m'dera la Los Angeles, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1981. Anapeza kuti oyendetsa 92 mwa 100 alionse amene anachita ngozizo anali odziphunzitsa okha kapena ophunzitsidwa ndi achibale ndi anzawo. N'chifukwa chake mayiko ena anakhwimitsa nkhaniyi. Ku Britain, kuyambira mu 1990, wophunzira amayenera kuchita kaye maphunziro otchedwa CBT asanalowe yekha pamsewu, ndipo maphunzirowo amayambira pabwalo. Ngati komwe muli kuli sukulu yophunzitsa njinga yamoto, pitani, ndipo laisensi muitenge motsatira malamulo a dziko lanu. Ngati mudalira munthu wamba, sankhani wodekha, wosakalipa, wololera kuti mubwereze chinthu chimodzi tsiku lonse.

Mabuleki ndi amene ndikufuna muwapatse nthawi yochuluka. Ophunzira ambiri amauzidwa kuti buleki yakutsogolo ndi yoopsa, asamaigwire. Langizo limeneli ndimadana nalo, chifukwa lapweteketsa anthu. Njinga ikamaima, kulemera konse kumakankhikira kutsogolo, tayala lakutsogolo n'kukanikizika pansi, ndipo ndi lomwe limagwira ntchito yaikulu yoimitsa, pafupifupi magawo 70 pa 100. Kafukufuku wa Hurt uja anapezanso kuti ambiri pangozi ankaponda buleki yakumbuyo mopyola mpaka tayala kutsetsereka, yakutsogolo osaigwira mokwanira. Choopsa ndi kuifinya mwamphamvu mwadzidzidzi. Muziifinya ngati mukufinya siponji yonyowa: kuyamba mofewa, kenako kumawonjezera mphamvu. Gwiritsani mabuleki onse awiri njinga ili chilili, chiwongolero chili chowongoka. Malo amodzi amene yakutsogolo imagwetsadi munthu ndi pamene mukuyenda pang'onopang'ono chiwongolero chili chokhota. Pamenepo gwiritsani yakumbuyo. Dziwaninso kuti pa liwiro la makilomita 50 pa ola mumadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi.

Mantha amagwiranso maso. Munthu akaopa dzenje amaliyang'anitsitsa, ndipo njinga imapita komwe maso ali, n'kukalowa m'dzenje lomwelo. Yang'anani podutsira, osati choopsacho. Pokhota tembenuzani mutu wonse, chibwano chiloze komwe mukufuna kukathera. Musayang'ane tayala lakutsogolo. Ndipo manja akhale omasuka, zigongono zopindika. Ngati mukufuna pogwira zolimba, panani thanki ndi mawondo. Mukamva mapewa akwera mpaka m'makutu, tulutsani mpweya, muwatsitse, chifukwa manja ouma amalepheretsa njinga kudziwongola yokha.

Liwiro likakwera kupitirira la munthu wothamanga, njinga imakhota popendekeka, ndipo kuti ipendekere kumanja mumakankha pang'ono chogwirira chakumanja kutsogolo. Zimamveka zachilendo, koma ngati munapalasapo njinga yakapalasa, thupi lanu linazichitapo kale osadziwa.

Zovala zimachepetsanso mantha, chifukwa mukadziwa kuti kugwa pabwalo sikukusupulani, mumaphunzira momasuka. Akatswiri a bungwe loona za kafukufuku wa zaumoyo la Cochrane ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2008, anapeza kuti helemeti imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi magawo 42 pa 100, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi magawo 69 pa 100. Koma ikhale yokukwanani, yomangidwa lamba pansi pa chibwano, ndipo ndibwino ikhale yophimba chibwano chomwe, yokhala ndi chizindikiro cha ECE kapena DOT chosonyeza kuti ikukwaniritsa muyezo wa chitetezo. Yosamanga imavuka mutu usanafike pansi. Valani magolovesi, poti pogwa manja ndi amene amatsogola. Valaninso jekete yokhuthala, buluku lalitali lolimba ndi nsapato zobisa akakolo. Paipi yotulutsa utsi imatentha kwambiri moti imawotcha mwendo mukangoikhudza.

Pamsewu mulowe pokhapokha mukamatha kunyamuka osayang'ana manja, kuima pa mzere umene mwasankha, kukhota mozungulira mbali zonse ziwiri osaponda pansi, ndiponso kusintha magiya maso ali kutsogolo. Yambani ndi msewu wopanda piringupiringu, masana, kunja kuli kouma, musananyamule munthu kumbuyo. Pamphambano m'pamene muyenera kukhala tcheru kwambiri. Mu lipoti la Hurt, pa ngozi zokhudza njinga ndi galimoto, pafupifupi ziwiri mwa zitatu zinachitika chifukwa woyendetsa galimoto analowerera njinga yomwe inali ndi ufulu wodutsa, nthawi zambiri chifukwa sanaione. Ndiye muziyatsa nyali ngakhale masana, muvale zowala, ndipo mukaona galimoto yaima pamphambano, tsitsani liwiro, zala ziwiri zikhale kale pa buleki, maso ali pa tayala lake lakutsogolo. Tayalalo likayamba kugudubuzika, mudziwa kuti galimoto ikutuluka woyendetsayo asanakuoneni.