Kwa namwino amene anasiyana mawu ndi mnzake chifukwa cha morphine

Achemwali amene mwafunsa osatchula dzina, ndawerenga kawiri zimene mwalemba. Mukuti mayi wa khansa ya khomo la chiberekero ankabuula usiku wonse, inu munapempha kuti amuwonjezere morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, a clinician anakana mpaka munakwezerana mawu, kenako anavomera monyinyirika. Mayiyo anatisiya mbandakucha. Kuchokera tsiku limenelo moni palibe, tulo simukutiona, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kupempha transfer.

Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo, ngakhale simunachilembe poyera. Ndikuona ngati mukudzifunsa kuti kodi dozi yomaliza ija ndi imene inamupha. Morphine wakumwa tikamamupereka maola 4 alionse, n'kumawonjezera pang'onopang'ono molingana ndi ululu, safupikitsa moyo wa munthu. Makwerero a mankhwala a ululu amene bungwe la WHO linatulutsa mu 1986 amamuika pa sitepe yachitatu kuti agwire ntchito ngati imeneyi. Wodwala amene ali kumapeto amakhala ndi dozi yomaliza basi, ndipo pamakhala wina amene anaipereka. Ulendo uno munali inu.

Koma a clinician aja musawaone ngati munthu wouma mtima. Khansa ya khomo la chiberekero ikafalikira imatha kutseka njira za mkodzo zochokera ku impso, ndipo impso zikafooka morphine amaunjikana m'thupi. Wodwala amayamba kuwodzera kwambiri, thupi kunjanja, kupuma kumachedwa. Mwina ndi zimene ankaopa, kungoti sananene. Inu munkamva kubuula, iwo ankaganiza za impso, ndipo nonse munali otopa pa naiti ya anthu awiri wodi yonse. Munawafunsapo chimene ankaopa?

Ine zinandichitikirapo pa chipatala china kuno ku Mzuzu, ngakhale nkhani yake sinali ya mankhwala. Tinali ndi agogo aamuna ochokera ku Mchengautuwa, khansa ya kummero, ngakhale phala silinkatsika. Ana awo anatikokera pambali n'kutipempha kuti tisawauze. Ine ndinkaumirira kuti agogo ali ndi ufulu wodziwa, popeza ankandifunsa m'Chitumbuka m'mawa uliwonse ngati adzafike nthawi yokolola. Mnzanga wa ntchito ankati tilemekeze banja. Tsiku lina tinatsutsana pafupi ndi bedi penipeni, gadiyani ali chikhalire pa chitenje pansi, atagwira kapu ya thobwa limene agogo alephera kumeza. Mawa lake banja linapempha kuwatulutsa. Anapita opanda botolo la morphine, opanda mankhwala oletsa kudzimbidwa, opanda tsiku lobwerera. Mpaka lero chimandiwawa n'chimenecho.

Tinatha milungu itatu tikulankhulana kudzera mu fayilo. Anatikhazika pansi ndi amatroni, m'kachipinda kozizira ka mu Julaye, tiyi ali mu fulasiki, n'kutiuza kuti aliyense anene chimene chinamupweteka, osati chimene mnzake analakwa. Mpamene ndinamva kuti mnzangayo anali ataika bambo ake omubereka miyezi ingapo m'mbuyomo, matenda omwewo, ndipo dokotala wina anawauza bambowo za matendawo mwachipongwe pa khonde, anthu akumva. Ndinkagwira naye ntchito tsiku ndi tsiku koma sindinkadziwa. Ku maliro tinapereka chipepeso cha pa wodi, ine ndinangosaina dzina osafunsa zambiri.

Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice, malo osamalira odwala amene ali kumapeto kwa moyo, ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa wodwala suli m'thupi mokha, uli m'maganizo, m'banja ndi mu mzimu. Ku maphunziro a PACAM, bungwe loona za chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika m'Malawi, timaloweza zimenezi bwinobwino, koma timaiwala kuti ifenso timanyamula zomwezo. Munthu wasambitsa mtembo 5 koloko, 7 koloko akupereka handover, kusiyira odwala anzake olowa m'mawa, 8 koloko ali pa kabaza kupita ku Chibavi kukachapira ana. Alira nthawi yanji? Ndiye misozi ija imatulukira pakamwa ngati ukali, ndipo woyamba kuulandira ndi amene waima pafupi.

Chimene chinatithandiza ife n'chaching'ono. Wodwala amene takhala naye nthawi yaitali akamwalira, timakhala pansi mphindi zochepa sabata yomweyo, onse, ndi amayi okolopa omwe, chifukwa nthawi zambiri iwo ndi amene amamva zimene magadiyani amanong'onezana. Timatchula dzina la malemu, timanena zimene zinayenda ndi zimene zinativuta. Tinagwirizananso kuti mkangano wa dozi uzichitikira mu duty room chitseko chili chotseka, ndipo amene akukana azinena chifukwa chake n'kuchilemba mu fayilo. Masana, akuluakulu alipo, dongosolo la usiku lizilembedweratu: ululu ukakwera tipereke zingati, tikaona chiyani tiimbe foni. Theka la mikangano ya pa naiti linathera pomwepo.

Koma ngati a clinician aja chili chizolowezi chawo kumana odwala mankhwala a ululu, kapena amakunyozani pamaso pa anthu, imeneyo si nkhani yongokambirana pa tiyi. Lembani tsiku ndi zimene zinachitika, mukaonane ndi a in-charge.

Za tulo musazipepuse. Ngati papita milungu mukudzidzimuka usiku, mukulambalala bedi lija, mwayamba kukalipira magadiyani kapena kufuna kabotolo kuti mugone, kaonaneni ndi aphungu. Ku St John of God, chipatala chothandiza pa mavuto a maganizo kuno ku Mzuzu, alipo, ndipo kupitako sindiye kuti mutu wasokonekera, anthu a mayunifolomu ngati ife timapitako.

Transfer ine ndikanati dikirani kaye. Mukachoka chonchi, mayi uja mupita naye ku wodi yatsopano. Mawa mukatha handover, atsatireni a clinician aja panja, osati pa WhatsApp, muwauze kuti: "Achimwene, imfa ya mayi uja ikundisowetsa tulo. Inu mukupeza bwanji? Usiku uja munkaopa chiyani?" Mukafunsa mukhale chete, ngakhale atachedwa kuyankha. Akakana lero, muwapemphe amatroni akukhazikeni pansi nonse awiri sabata ino isanathe.