Kunamira anzako kuntchito: n'chifukwa chiyani mtima sugunda?

Mayi wina wanditumizira imelo. Kuntchito kwawo anzawo amalemba maola owonjezera omwe sanagwire, ndipo iwo monga wosunga kaundula amangosayina. "Pandekha sindingabe ngakhale cholembera," akutero mayiwa, "nanga bwanji izi sizindivutitsa mumtima? Ndikakana kusayina, sindikhala wopereka anzanga?"

Mayi, zimene zikukuchitikiranizi akatswiri anaziyesapo kale. Mu 2015, Ori Weisel ndi Shaul Shalvi anaika anthu awiriawiri pa masewera a dayisi, kachinthu koponya ka mbali 6 zokhala ndi manambala 1 mpaka 6. Woyamba ankaponya mobisa n'kutchula nambala yomwe yatuluka. Wachiwiri, ataimva nambalayo, naye ankaponya mobisa n'kutchula yake. Ndalama ankalandira pokhapokha manambalawo akafanana. Mwamwayi chabe zimenezi zimatheka kamodzi pa maulendo 6, koma iwo ananena kuti zafanana maulendo pafupifupi 82 pa 100 alionse. Amene ankasewera okha nawonso ankanama, koma osafika pamenepo.

Chifukwa chake, mmene ndikuonera, n'chakuti ukadzinamira wekha dyera lake limaonekeratu, ndiye mtima umakutsutsa msanga. Ukanamira mnzako umadziona ngati munthu wachifundo, wosunga anzake. Ndiponso amene akuluza sakhala nanu pamenepo. Mnzanu wopempha siginechayo mumamuona m'maso, mavuto a kwawo mumawadziwa. Koma wantchito uja amene analemba maola ake enieni n'kulandira zochepa, kapena amene adzauzidwe kuti ndalama zokwezera malipiro palibe, ndani amamukumbukira? Nayenso ndi wa gulu lomwelo, kungoti sanabwere kudzakupemphani kanthu.

Zakuti mukakana kusayina anzanu adzakusalani ndi zoona, sindikunamizani. Komabe mukhoza kupeza kuti simuli nokha. M'zaka za m'ma 1950, katswiri wina, Solomon Asch, ankafunsa anthu funso losavuta la kutalika kwa mizere, gulu lonse litapangana kuyankha zabodza. Anthu pafupifupi 3 mwa 4 alionse anatsatira gulu kamodzi kapena kuposa. Koma pakangopezeka mmodzi wonena zoona, kutsatirako kunkatsika kwambiri.

Ndiye musathamangire kwa abwana kaye. Fufuzani mnzanu mmodzi amene nayenso zikumudya mumtima. Kenako uzani onse mwezi usanathe, osati kaundula ali kale patebulo, kuti kuyambira pano muzisayina maola okhawo amene mwawaona. Wina akakwiya, mukumbutseni kuti owerengera ndalama akadzabwera, dzina limene adzapeze pansi pa pepalalo ndi lanu.