Kamphakako katengeni, koma mukonzeke kukadyetsa

Achemwali, mwafunsa ngati mulandire kamphaka komwe aneba akufuna kukupatsani, poti makoswe akuboola matumba a chimanga, ana akukafuna, koma bambo akunyumba akukayikira. Ine ndikuti katengeni, bola mudziwe kuti mphaka wosamalidwa bwino amatha zaka 12 mpaka 15. Ana amene akulirira lerowo adzapita kusekondale iye akadali pakhomo.

Anthu akuuzani kuti mphaka ukamudyetsa amachita ulesi, ndiye azikhala ndi njala kuti azigwira makoswe. Limenelo ndi bodza. Kusaka ndi chibadwa chake, kaya wakhuta kaya ayi. Wanjalayo ndi amene amavundukula poto wa ndiwo usiku, kugwira anapiye a eniake, mapeto ake n'kusamukira khomo lina komwe akumuponyera mitu ya nsomba. Nsima yokha simukwanira chifukwa thupi lake limafuna nyama. Sikuti mpaka mugule zam'zitini za kusitolo ayi. Usipa kapena bonya mutsuke bwino kuti mchere ndi mchenga zichoke, muwiritse, musakanize ndi kansima pang'ono. Dzira lowiritsa, zam'kati mwa nkhuku zophika, zonsezo ndi zabwino. Msuzi wothira anyezi kapena adyo musamupatse, zimenezi zimawononga magazi ake. Mkaka wa ng'ombe, ngakhale amaukonda, ambiri umawatsegula m'mimba. Madzi oyera azikhalapo nthawi zonse.

Zinthu ziwiri zimapha amphaka ambiri m'makomo mwathu muno. Choyamba ndi tameki ndi mankhwala ena a makoswe. Ngati mwakhala mukuthira, musese m'makona monse kamphaka kasanabwere, ndipo muwafunse aneba ngati akuthira, chifukwa khoswe amene wadya poizoni amayenda mwa dzandidzandi, savuta kugwira, ndipo mphaka akamudya naye amadwala kapena kufa kumene. Chachiwiri ndi Panado. Mphaka akadwala musamupatse ngakhale kachidutswa, thupi lake silitha kusungunula mankhwala amenewa ndipo amafa nawo. Chimodzimodzi mankhwala a nthata opangira agalu, ena mwa iwo ndi poizoni kwa mphaka.

Poti pakhomo pali ana, nkhani ya chiwewe musaitenge mopepuka. Timazolowera kuti ndi matenda a agalu, koma mphaka nayenso amatenga ndi kupatsira. Akakwana miyezi 3 abayidwe katemera, kenako muzibwereza monga adokotala a ziweto akuuzireni. Ku Lilongwe kuli a LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira ziweto, ku Blantyre a Mission Rabies, bungwe lolimbana ndi chiwewe, akhala akubaya ziweto ulere kuyambira 2015, ndipo kwina konse funsani alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi mphaka wosadziwika, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, tsiku lomwelo kuchipatala.

Simunanene ngati ndi kakakazi kapena kamphongo. Ngati ndi kakakazi, dziwani kuti katha kutenga bere kali ndi miyezi 4 kapena 5 yokha, bere lake ndi la miyezi iwiri basi, ndipo pachaka katha kuswa kawiri kapena katatu. Aneba anuwo akugawa tiana chifukwa chomwechi. Kakatseketseni kwa adokotala kasanayambe zimenezo. Kamphongo kafulidwe, apo ayi mudzatopa ndi fungo la mkodzo m'makoma komanso mabala a ndewu za usiku.

Ngati muli oyembekezera, ndowe za mphaka aziwola wina, chifukwa mumatha kukhala kachilombo kovulaza mwana wosabadwa. Ngati pali mwana wa mphumu, kayeseni kaye kumusiya asewere nako kwa anebako muone mmene achitire. Mphumu ikamuyamba, pokhapa ndiye ndingati musakatenge.

Za bambo akunyumba, afunseni chimene akukayikira. Ngati ndi zija zakuti mphaka ndi wa afiti, makamaka wakuda, imeneyo ndi nkhani yokambirana pang'onopang'ono, osabweretsa chiweto m'nyumba mmene mwini wake azichithamangitsa ndi tsache. Ngati muli pa lendi, eni nyumba adziwenso.

Kasiyeni kayamwe mpaka kakwane masabata 8. Kakabwera, masabata awiri oyamba kasatuluke panja, mukaikire beseni lakale la mchenga pakona, kazolowera kokha. Koma musayembekeze kuti makoswe athawa mawa lomwe. Kamwana sikangalimbane ndi chikhoswe cha m'ngalande, ngakhale amphaka akuluakulu ena amachilambalala. Pakadali pano matumbawo muwaike pa thandala, atalikirane ndi khoma, mabowo mutseke ndi simenti, ndipo mutchere misampha ya waya pamalo pomwe kamphakako sikafika.