Kompyuta ikumazima n'kuyakanso yokha: musathamangire kuifomata

Bambo ena a ku Mufakose, mu Harare, andilembera imelo sabata ino. Akuti desktop yawo, imene anaigula yakale, yayamba kumazima n'kuyakanso yokha, makamaka madzulo, nthawi zina iwo ali pakati polemba makalata a mpingo. Mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni wawauza kuti ndi vairasi, apite nayo akaifomate, kutanthauza kufufuta zonse zili m'katimo n'kuikamo Windows mwatsopano. Funso lawo n'lakuti, "Kodi ndipite nayo?"

Bambo, dikirani kaye. Okonza ambiri amakonda kufomata chifukwa n'kwachangu, koma kompyuta yozima mwadzidzidzi chonchi kawirikawiri matenda ake sakhala mu Windows. Mulipira ndalama, makalata a mpingo mwina atayika, tsiku lomwelo madzulo izimanso.

Poti mwati zimachitika madzulo, ine ndikukayikira magetsi. Nthawi imeneyo m'nyumba mumakhala mwayaka zonse: mbaula, ketulo, simbi, TV, ndipo kwa aneba n'chimodzimodzi. Magetsi a kuno amayenera kukhala pakati pa mavolti 220 ndi 240, koma katundu akachuluka amatsika. Firiji ikalira poyamba kuziziritsa, yang'anani babu: limachita ngati laphethira. Kwa inu si kanthu, koma power supply ya kompyuta, kabokosi kokhala ndi fani kumbuyo komwe mumalowetsa chingwe cha magetsi, imatha kupirira mamilisekondi pafupifupi 16 okha. Ikakalamba, ngakhale pamenepo sifikapo. Magetsi akangogwedera, kompyuta yazima, akakhazikika, yayakanso.

Choncho musanawononge ngakhale dola imodzi, ichotseni pa extension imene ili ndi firiji kapena ketulo, muilumikize pa soketi yakeyake ya pakhoma. Mapulagi athu a mano atatuwa akakhwepa amayambitsanso zomwezi. Gwirani pulagi, ikakhala yotentha kapena yada m'mbali, isintheni. Ngati mumagwiritsa ntchito inverter ya sola magetsi akathima, onani cholembedwa pa iyo. Ya "modified sine wave" sigwirizana ndi ma power supply ena, ndipo kompyuta imatha kuzima pa nthawi imene inverter ikulandira katundu. Mankhwala enieni apa ndi UPS, bokosi la batire limene limapitiriza kupatsa kompyuta magetsi akagwedera kapena akathima, ngakhale yaing'ono. Surge protector yokha siithandiza, ntchito yake n'kutchinga magetsi akakwera mwadzidzidzi, osati akatsika.

Kompyutayo imasunganso mbiri ya kuzima kwake. Pa Start lembani Event Viewer, mutsegule Windows Logs, kenako System, mupite pa ola limene inazima. Mukapeza nambala 1074, mtima m'malo: ndi pulogalamu, kawirikawiri Windows Update, imene inailamula kuti iyambirenso, ndipo mungoiuza maola amene mumagwira ntchito pa Active hours. Mukapeza 41, ya Kernel-Power, ndiye kuti inazima osatsanzika. Nambalayi siitchula wolakwa, koma mkati mwake muli mzere wa BugcheckCode: pakakhala 0, nthawi zambiri ndi magetsi kapena kutentha, pakakhala nambala ina, Windows inagwa ndi blue screen, sikirini ya buluu yonena vuto, imene simunaione chifukwa inathamangira kuyakanso. Kuti muione, pitani pa Advanced system settings, Startup and Recovery, muchotse kachizindikiro pa Automatically restart. Ikadzagwanso, jambulani uthengawo ndi foni.

Chachiwiri chimene ndimakayikira ndi kutentha. Fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala limalowa m'bokosi, Okutobala n'kubwera ndi dzuwa lake. Zimitsani, zulani chingwe, tsegulani chivindikiro cha m'mbali. Pa tizitsulo ta pansi pa fani ya purosesa, ubongo wa kompyuta, mupeza fumbi litaundana ngati kabulangeti, mpweya osadutsa. Purosesa ikatentha mopitirira muyeso imadzizimitsa kuti isapse. Tulutsani bokosilo panja, mulipope ndi blower mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Ndipo nsalu yoluka ija amayi amafunditsa kompyuta kuti ioneke bwino, ichoke ikamagwira ntchito. Pulogalamu yaulere ya HWMonitor ikuonetsani kutentha kwake. Kukakhalabe kokwera mutapopa, thermal paste, kaphala kopaka pakati pa purosesa ndi tizitsulo tija, yauma, ifunika kupakanso.

Chachitatu ndi RAM, mmene kompyuta imasunga kwa kanthawi zimene ikugwira. Ndi yosavuta kuiyesa: lembani Windows Memory Diagnostic pa Start, muisiye imalize. Ngati muli timitengo tiwiri ta RAM, yesani kamodzikamodzi.

Zonsezi zikakanika, yatsala power supply imene. Imeneyo musaitsegule, Bambo, muli ma capacitor osunga magetsi ngakhale chingwe chazulidwa. Pamenepo ndiye mupite kwa mnyamata uja, koma mumuuze aikemo power supply ina yobwereka, mukaiyese kunyumba madzulo awiri kapena atatu mbaula ndi firiji zili zoyaka. Ikapanda kuzima, gulani yatsopano. Ndipo musananyamuke nayo, makalata a mpingo aja muwakopere pa flash.